Kumbuyo kwa Mawu N'kuti?

Lembani mawu akuti "mlimi" pabolodi, kenaka mufunse ana a Sitandade 7 a kwa Chiwalo ku Phalombe kuti "m" ali mbali iti ya mawuwo. Ayankhira pamodzi kuti ali kutsogolo. Ndiye muwauze zimene buku la Chichewa limanena, zoti "m" ameneyu ndi mphatikiram'mbuyo, ndipo "nso" wa mu "mliminso" ndiye mphatikiram'tsogolo. Muona nkhope zikukwinyika. Anawa amadziwa kupanga "mlimi" kuchokera ku "lima", "msodzi" kuchokera ku "sodza", "kamwana" kuchokera ku "mwana", ndipo zimenezi anayamba kuchita asanaponde pakhomo la sukulu. Koma funso likabwera pamayeso loti atchule mphatikiram'mbuyo, chala chimathamangira kumathero kwa mawu. Chichewa amachidziwa bwinobwino. Chimene chimawasokeretsa ndi dzina limene tinapatsa chinthucho.

Amene anapeka mawu awiriwa sanalote ayi. Zikuoneka kuti anatsata momwe Chichewa chimaonera nthawi. Zimene zinachitika kale timati za m'mbuyomu, zimene zikubwera timati za m'tsogolo. Choncho poyankhula, phatikizo loyamba kutuluka pakamwa latsala m'mbuyo, ndipo lomaliza lili m'tsogolo. Nacho cholembera chimayenda chomwecho, kusiya m'mbuyo zimene chalemba kale. Ganizoli ndi Chichewa chenicheni. Vuto n'lakuti Chichewa chomwecho chili ndi kaonedwe kena, ka malo, ndipo kameneka ndi kamene mwana amayamba kudziwa. Pamzere wa kuchigayo, woyamba kugayitsa ndiye ali kutsogolo, wobwera mochedwa amaima kumbuyo. Mawu akalembedwa pabolodi amakhala chinthu chooneka ndi maso, ndiye mwana amawaona ngati mzere umenewo: lembo loyamba ndilo likutsogolera anzake.

Chisokonezo chimakula belu likalira. Mphunzitsi yemweyo amafufuta bolodi n'kuyamba phunziro la Chingerezi, ndipo pofuna kuti ana amve tanthauzo la prefix, amamasulira m'Chichewa kuti ndi kachidutswa koikidwa kutsogolo kwa mawu. Ola limodzi lisanathe, mwana wamva kuti malo amodzimodziwo ndi kumbuyo, ndiponso ndi kutsogolo. Wochenjera amapeza njira yopulumukira: chimene mutu ukukuuza, uchitembenuze, ndiye wakhoza. Apo kumvetsa kwatha, kwatsala kuloweza. Ndipo mwana amene wazolowera kukayikira nzeru zake pa chiyankhulo cha amayi ake sangalimbe mtima pa chiyankhulo cha eni.

Alipo aphunzitsi ena amene amati tingosiya kudzivuta, tibwereke mawu a Chingerezi n'kumati nauni, verebu, tensi, pakuti ana akakumana nawobe kusekondale. Ine zimenezo sindigwirizana nazo. Kubwereka pakokha si tchimo. Sukulu, choko, bolodi, ngakhale galamala amene tikukambayu, onsewa ndi obwereka ndipo anakhazikika popanda wodandaula. Koma dzina la mtundu wa mawu lili ndi ntchito ina: liyenera kuphunzitsa likangotchulidwa. Mwana akamva "mlowam'malo" wamva kale theka la phunziro, chifukwa amadziwa kulowa m'malo mwa wina. "Mlumikizi" amalumikiza, "mfotokozi" amafotokoza, "mneni" amanena zimene mwininkhani akuchita. Pa "verebu" palibe chimene khutu la mwana wa kwa Chiwalo lingagwirepo. Taonaninso "mvekero". Mndandanda wa mitundu isanu ndi itatu ya mawu umene timaphunzira m'Chingerezi ulibe malo a "psu", "mbuu", "gwa" kapena "balala", koma akatswiri athu anaona kuti Chichewa sichiyenda popanda mawu otere, nawapatsa dzina lawolawo. Tikanangobwereka, mtundu wonsewu ukanasowa pokhala.

Umboni wina woti Chichewa chimatha kudzifotokoza chokha uli pa misintho ya aneni. Pamenepa opeka mawu anagwira ntchito yotamandika, chifukwa dzina lililonse limanyamula chitsanzo chake. Msintho wochititsa uli ndi "its" m'kati mwake, yemweyo wa mu "limitsa" ndi "phikitsa". Wochitidwa uli ndi "idw" wa mu "limidwa". Wobwerezabwereza umadzibwereza wokha. Mwana akaiwala lamulo, dzinalo limamukumbutsa. Ngakhale kusiyana kovuta kwa "mbale yaswedwa" ndi "mbale yasweka" anakupezera mawu, pogawa kuchitidwa poyera ndi kuchitidwa m'chibisira. Poyamba paja pali wina amene waswa, ndipo titha kumutchula kuti "yaswedwa ndi mwana". Pachiwiri woswayo sakuoneka, n'chifukwa chake mwana wogwetsa mbale amathamangira kunena kuti "yasweka". Muyeso wa dzina labwino ndi umenewu, ndipo mphatikiram'mbuyo ndi mnzake uja akulephera kuufika.

Pali wachitatu, mphatikiram'kati, amene amaonetsa vuto lozama kuposa la kumbuyo ndi kutsogolo. Tengani mneni uyu: "sitidzakugulirani". Ndi mawu amodzi polemba, koma ndi chiganizo chathunthu. "Si" akukana, "ti" akuimira ochita, "dza" akusonyeza nthawi, "ku" pamodzi ndi "ni" wakumathero akuimira inu olemekezeka, "gul" ndiye muzu, ndipo "ir" akusonyeza kuchitira wina. Tsono pakati ndi pati? Tikati "ti", "dza", "ku" ndi "ir" onse ndi aphatikiram'kati, taika m'thumba limodzi zinthu zinayi zosiyana ntchito, ndipo zitatu zili mbali ina ya muzu, chimodzi mbali inayo. Komanso tikachotsa "si", "ti" uja amasanduka woyamba, dzina lake n'kusintha pamene ntchito yake sinasinthe. Kutchula aphatikiri potengera pamene akhala kumabisa chinthu chokongola kwambiri m'Chichewa, choti tizidutswa ta mneni tili ndi mpando wakewake ndipo sitilandana malo. Palibe mwana amene anganene kuti "dzatikugulira", ngakhale sanaphunzirepo lamulo lililonse.

Maganizo anga ndi awa. Pamene tikufuna kunena za malo, tinene mawu osasokoneza: mphatikiri wakumayambiriro ndi mphatikiri wakumathero. Mawu ali ndi poyambira ndi pothera, ndipo pa zimenezi palibe angatsutsane. Koma pophunzitsa mneni, titchule kachidutswa kalikonse ndi ntchito yake: wokana, woimira mwininkhani, wosonyeza nthawi, woimira pamtherankhani, muzu, msintho. Mawu onsewa ali kale m'mabuku athu. Chofunika ndi kungowasonkhanitsa pamalo amodzi.

Dzina lina lofunika kuliunikanso ndi "nthawi za aneni". Timaphunzitsa kuti zilipo zitatu, yakale, yatsopano ndi yam'tsogolo, kenaka iliyonse timaigawa kukhala yopitirira, yathayi ndi yakawirikawiri. Aliyense amene anaphunzira Chingerezi amazindikira msanga kumene kagawidwe kameneka kanachokera. Timatha maola tikuumiriza ana kupeka ziganizo monga "ndidzakhala nditadya" kuti bokosi lililonse lidzaze, pamene zinthu zimene Chichewa chimasiyanitsa tsiku ndi tsiku zilibe bokosi. "Alendo abwera" akutanthauza kuti alendowo ali pakhomo, madzi osamba atenthetsedwe. "Alendo anabwera m'mawa" akhoza kutanthauza kuti anabwera n'kubwerera. "Ndipita madzulo ano" ndi "ndidzapita chaka chamawa" onse timawaponya m'nthawi yam'tsogolo, chikhalirecho wina ndi wapafupi, wina wapatali. Nanga "dza" wa mu "dzaoneni" ndi "ka" wa mu "kaoneni"? Amenewa sakunena za nthawi konse. Woyamba akuitanira munthu kuno, wachiwiri akumutuma uko.

Palinso kukweza ndi kutsitsa liwu, kumene kalembedwe kathu sikaonetsa. "Bambo amapita kunyanja" angakhale mawu onena za msodzi wa ku Chilwa amene amapita masiku onse, kapena onena kuti bambowo anali pa ulendo pamene tinakumana nawo. Pakamwa palibe amasokoneza, chifukwa liwu limakwera pa maphatikizo osiyana. Papepala malembo ndi amodzimodzi, ndiye mwana akafunsidwa kuti "amapita" ali m'nthawi yanji popanda chiganizo chokwanira, mayankho awiri amakhala okhoza, koma wochonga ali ndi limodzi.

Zimenezi zili ndi mbiri yake. Mabuku oyamba ofotokoza chiyankhulochi analembedwa m'Chingerezi, ndipo owerenga ake sanali ana athu. David Clement Scott anatulutsa dikishonale ya Chimang'anja mu 1892 ali pa mishoni ya Blantyre, ndipo Alexander Hetherwick analemba buku lophunzitsira Chinyanja kwa azungu anzake. Mu 1937 Mark Hanna Watkins anasindikiza galamala ya Chichewa ku America, atathandizidwa ndi Kamuzu Banda amene anali wophunzira ku Chicago. Chinyanja chitatchedwa Chichewa n'kukhala chiyankhulo cha fuko mu 1968, ndipo bungwe la Chichewa Board litakhazikitsidwa mu 1972, panafunika mabuku a m'kalasi olembedwa m'Chichewa momwe, monga la Nankwenya lotchedwa Zofunika mu Galamala wa Chichewa. Olembawo anagwira ntchito yaikulu, koma kagawidwe ka mitu anakatenga m'galamala imene iwo eni anaphunzira. Kafukufuku wa pambuyo pake, monga buku la Sam Mchombo la 2004 lonena za kapangidwe ka ziganizo za Chichewa, ndi la Laura Downing ndi Al Mtenje la 2017 lonena za kamvekedwe ka mawu, wafotokoza bwino zinthu zimenezi. Tsoka lake, zonsezo zili m'Chingerezi, ndipo sizinatsikebe kufika pabolodi la kumudzi.

Kwa mwana wa ku Phalombe pali mtolo wina. M'zaka za Chichewa Board, Chichewa cha m'chigawo chapakati ndicho chinkatengedwa kukhala choyenera, ndipo "da" ndiye anali mwini nthawi yakale m'mabuku ndi pa wailesi. Kuno kummwera anthu ambiri amati "ndinapita", buku n'kumati "ndidapita". Kukhala ndi kalembedwe kamodzi m'dziko lonse ndi chinthu chabwino, koma mwana auzidwe chilungamo, kuti "na" ndi "da" onse ndi osonyeza nthawi yakale ndipo amasiyana malinga ndi dera komanso katchulidwe. Kumuuza kuti makolo ake amalakwitsa Chichewa ndi kumunamiza.

Tisaiwalenso kuti kwa Chiwalo ndi dera la Alomwe ambiri, m'malire ndi Mozambique, kumene makolo awo anachokera kuyambira chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800. Ana ambiri lero amakula ndi Chichewa, Chilomwe n'kutsalira kwa agogo, ndipo n'chifukwa chake a Mulhako wa Alhomwe, amene amasonkhana ku Chonde m'boma la Mulanje kuyambira 2008, amalira kuti chiyankhulochi chisafe. Mayina abwino a galamala angathandize pamenepa. Pamene Chichewa chimati "kulima", Chilomwe chimati "olima". Pamene ife timaika "chi" pa dzina la chiyankhulo, eni ake amaika "e". Mwana amene waphunzira kuti mphatikiri wakumayambiriro ali ndi ntchito yakutiyakuti atha kuzindikira ntchito yomweyo pakamwa pa agogo ake, ndipo aona kuti ziyankhulo ziwirizi ndi zapachibale. Luso lomwelo lofananitsa ndilo adzapite nalo ku Chingerezi.

Funso lotsala ndi lakuti, akonze ndani? Chichewa Board inathetsedwa mu 1995, ndipo mu 1996 m'malo mwake munabwera Centre for Language Studies ya University of Malawi ku Zomba, imene inatulutsa Mtanthauziramawu wa Chinyanja mu 2000. Chaka cha 1996 chomwecho unduna wa zamaphunziro unalamula kuti ana a Sitandade 1 mpaka 4 aziphunzira m'chiyankhulo cha kwawo. Koma lamulo la zamaphunziro la 2013 linaika Chingerezi kukhala chiyankhulo chophunzitsira, ndipo mu 2014 boma linalengeza kuti ziyambire Sitandade 1. Dziko likamasinthasintha chonchi, mawu a galamala ya Chichewa amaoneka ngati nkhani yaing'ono yosayenera kutayirapo ndalama. Kumeneko ndiye kulakwa. Mwana amayamba kumvetsa kuti mneni n'chiyani m'chiyankhulo chimene amaganizira. Akamvetsa pamenepo, mneni wa Chingerezi samuvuta. Akasokonezeka pamenepo, amaloweza ziyankhulo zonse ziwiri osagwira ngakhale chimodzi. Amene amafunira ana athu Chingerezi chabwino ndiwo ayenera kukhala oyamba kumenyera galamala ya Chichewa yomveka.

Sindikupempha kuti bungwe lolamula anthu kayankhulidwe libwererenso. Ndikupempha kuti a Centre for Language Studies, a Malawi Institute of Education ku Domasi amene amakonza silabasi, ndi a MANEB amene amakonza mayeso, akhale pansi ndi aphunzitsi a m'kalasi, aunike mndandanda wonse wa mawu a galamala. Dzina lililonse liyesedwe pa ana enieni a kwa Chiwalo, a ku Kasungu ndi a ku Karonga lisanalowe m'buku. Limene ana akulimva likhale, limene likuwasokoneza lisinthidwe, ndipo makoleji a aphunzitsi monga ya Phalombe aphunzitse mndandanda umodzi womwewo. Podikira zimenezo, aphunzitsi anzanga, phunzitsani mawu a m'silabasi kuti ana akhoze mayeso, koma muwauze poyera kuti mphatikiram'mbuyo amakhala kumayambiriro kwa mawu, ndipo muwafotokozere chifukwa chake. Musalole mwana atuluke m'kalasi akuganiza kuti mutu wake ndi umene uli ndi vuto.