Kuzindikira Rozi Woyanga M'dimba la Maluwa

Ngakhale amatchedwa woyanga, rozi sayanga monga achitira maungu kapena nyemba. Alibe tizingwe togwirira, ndipo sadzikulunga pa mtengo. Chimene ali nacho ndi nthambi zazitali, zotha kufika mamita 2 mpaka 4 kapena kuposera apo, zomwe zimayedzamira pa mpanda ndi kukola ndi minga. Popanda chozichirikiza, nthambizo zimawerama n'kugwera pansi. Rozi wa chitsamba amaima payekha, kawirikawiri sapitirira mita imodzi ndi theka, ndipo nthambi yake ikakula pang'ono imathera ku duwa. Pa rozi woyanga, nthambi yaikulu imapitiriza kutalika, ndipo maluwa ambiri amatuluka pa timphukira ta m'mbali mwake, makamaka nthambiyo ikamangidwa chopingasa.

Maonekedwe a duwa sathandiza kwenikweni. Rozi woyera wotchedwa Iceberg, amene Reimer Kordes anamutulutsa ku Germany m'chaka cha 1958, ndi wa chitsamba. M'chaka cha 1968, ku England kunapezeka nthambi ya rozi ameneyu yomwe inasintha yokha n'kuyamba kuyanga, ndipo mtundu wochokera pa nthambiyo unatchedwa Climbing Iceberg. Maluwa a mitundu iwiriyi ndi ofanana, chosiyana ndi kakulidwe basi. Ena amawerenga timasamba, amati tikakhala 7 ndiye kuti rozi ndi woyanga, koma chizindikiro chimenechi n'chosadalirika.

Chimene chimasocheretsa ambiri ndi mphukira yochokera ku tsinde la pansi. Marozi ambiri ogulitsidwa amakhala omezanitsa: mtundu wa maluwa okongola umalumikizidwa pa tsinde la mtundu wina wolimba, monga Rosa multiflora kapena Dr. Huey, ndipo mitundu iwiriyi payokha ili ndi nthambi zazitali. Tsinde lotere likaphukira, mwini dimba amasangalala poganiza kuti ali ndi rozi woyanga, chonsecho mphukirayo ikulanda chakudya cha rozi amene anagula, mpaka roziyo kufooka ndi kufa. Choncho, mukaona nthambi yaitali modabwitsa, fukulani dothi pang'ono mupeze chotupa cha pamene anamezanitsa. Ngati nthambiyo yachokera pansi pa chotupacho, ndipo masamba ndi minga yake n'zosiyana ndi zinzake, ithyoleni pa tsinde pomwepo. Ngati yachokera pamwamba pake, ndi ya rozi weniweniyo, isiyeni.

Rozi woyanga amatenga zaka 2 kapena 3 kuti aonetse msinkhu wake, ndipo chaka choyamba amatha kuoneka ngati chitsamba wamba. Amene amamudulira mpaka m'mawondo, monga achitira ndi rozi wa chitsamba, amataya nthambi zomwe zikanabala maluwa, ndipo mtundu wophuka kamodzi pa chaka ungathe chaka chonse wopanda duwa. Pamene mukukayika, chotsani nthambi zouma ndi zodwala zokha, zazitalizo muzimangirire pa mpanda, mudikire nyengo ina ya maluwa.