Piyano, Gamelan ndi Mangolongondo

Omvera amene anakulira kwa Chikweo ndi madera ena a Ayao m'boma la Machinga akuwadziŵa mangolongondo: timitengo tosema toyalidwa pa mathunthu aŵiri a nthochi, ndipo anyamata aŵiri amakhala moyang'anizana, wina nkumaponya maŵu ake m'mipata imene mnzake wasiya. Kale ankaimbidwa kumunda poingitsa anyani. Koma choimbira cha kumundachi chinautsapo mkangano pakati pa anthu ophunzira.

M'chaka cha 1964, mbusa A. M. Jones, amene anaphunzitsa kwa zaka zambiri ku Mapanza m'dziko la Zambia, analemba buku lonena kuti zoimbira za mtundu umenewu zinadza kuno kuchokera ku Indonesia. Akatswiri ambiri anakana, nati umboni wake ngoperewera, ndipo anachita bwino kukana: kusema mtengo kuti ulire sikulira mphunzitsi wa kutsidya la nyanja. Komabe kufanana kumene Jones anamva kulipodi. Pa chilumba cha Java pali gamelan, gulu la zoimbira zamkuwa zomenya ndi timitengo, ndipo nazonso maŵu ake amaloŵerana, wina pano wina apo.

Azungu ambiri anayamba kumva gamelan pa chionetsero cha ku Paris mu 1889. Mmodzi mwa iwo anali Claude Debussy, amene mu 1903 anapeka nyimbo ya piyano yotchedwa Pagodes, yolira ngati mabelu a ku Java. Iye anangobwereka kamvekedwe. Zoimbira ziŵirizi sizinakumane.

Chovuta chinali ichi. Piyano imagaŵa makwerero a maŵu m'magawo 12 ofanana, ku London monga ku Blantyre. Gamelan ili ndi makwerero akeake, slendro wa maŵu 5 ndi pelog wa maŵu 7, ndipo gamelan ya pamalo ena sigwirizana ndendende ndi ya pena, monganso mangolongondo amatsata khutu la amene anawasema. Zikaimbidwa pamodzi chomwecho, zimakangana. China chiyenera kugonja.

Lou Harrison wa ku America, amene ankadzipangira yekha magamelan pamodzi ndi William Colvig, anagonjetsa piyano. Mu 1987 anatsiriza nyimbo yaitali ya piyano ndi gamelan ya ku Java, nalamula kuti isanaimbidwe mmisiri ayambe wakunganso nsambo za piyanoyo, imodziimodzi, mpaka zigwirizane ndi mkuwa wa gamelan imene ili pamalopo tsiku limenelo.