Njira ya ku Walale

Acinyamata, lero wopita ku Harare angokwera basi. Makolo athu a kum'mawa ankapitako ndi miyendo.

M'caka ca 1898 asilikali a Angelezi anagonjetsa Angoni a Mpezeni, napha mwana wake Nsingo, nalanda ng'ombe zosawerengeka. Posakhalitsa unadza msonkho. Nanga munthu akanaipeza kuti ndalama, khola lili pululu? Motero amuna anayamba ulendo wa pansi kunka ku migodi ndi mafamu a ku Southern Rhodesia, kumene ankati ku Walale.

Ambiri anadzera tinjira ta m'thengo, naoloka Zambezi pa bwato ku Feira kapena ku Tete. Miseu yodziwika anaizemba poopa olemba anthu a cibalo, pakuti malipiro ake anali ocepa. Woyenda yekha, kamtolo ka ufa pamutu, nkhwangwa paphewa, ndiye anali pangozi zedi: mikango, njala, ndi acifwamba olalira obwerera ndi katundu.

M'zaka za m'ma 1930 boma la Southern Rhodesia linaika malole onyamula anchito osalipiritsa, ochedwa Ulere. Ulendo unapepuka, koma ena sanabwerenso kwao. Amenewo ndiwo machona, ndipo akazi awo anakalamba akali kuyang'ana kunjira.