AMBUYE PATRICK KALILOMBE NDI CHUMA CHA MIPHAKATI



Aliyense wokulira m'mbali mwa nyanja ino adziŵa kuti khoka silikokedwa ndi munthu mmodzi. Mwini khoka angachenjere chotani, akasoŵa anthu ogwira zingwe mbali zonse ziŵiri, nsomba zimatsala m'madzi. Lero tikumbukire m'busa wina amene adazindikira kuti Eklezia nayenso ali chimodzimodzi, ndipo adasaukira chiphunzitso chimenechi. Ndikunena malemu Ambuye Patrick Kalilombe, amene adatisiya ku Zomba m'mwezi wa September 2012.

Iwoŵa adabadwa m'chaka cha 1933 ku Mua, patsinde pa mapiri a Dedza, kum'mwera kwa boma lathu la Salima. Mishoni ya Mua idatsegulidwa mu 1902 ndi ansembe a chipani cha White Fathers. Dera lomwelo ndilo lidatipatsa Ambuye Cornelius Chitsulo, Mmalaŵi woyamba kudzozedwa unsembe mu 1937, amenenso adadzakhala Mmalaŵi woyamba kukhala Episkopi. Motero mnyamata Patrick adakula akudziŵa kuti mwana wa m'mudzi angathe kuima paguwa la Mulungu.

Ataphunzira ku Seminale ya Kachebere ndi ku maiko a kumpoto kwa Africa, adadzozedwa unsembe mu 1958, nakhala Mmalaŵi woyamba m'chipani cha White Fathers. Adazama m'Malembo Oyera ku Roma, kenaka adabwerera ku Kachebere kudzaphunzitsa, mpaka adakhala mkulu wa Seminaleyo. Zaka zimenezo ndizo za Msonkhano Waukulu Wachiŵiri wa ku Vatican, umene udachitika kuyambira 1962 mpaka 1965. Msonkhanowo udatikumbutsa kuti Eklezia ndi mtundu wa anthu a Mulungu, ndi kuti wobatizidwa aliyense ali ndi gawo pa ntchito ya Kristu.

Mu 1972 adasankhidwa kukhala Episkopi wa Lilongwe, kuloŵa m'malo mwa Ambuye Joseph Fady. Dayosiziyo inali yaikulu zedi, kuchokera ku Mchinji mpaka kuno kunyanja. Ansembe anali ochepa, ambiri a iwo ochokera kunja, ndipo ndalama zambiri zoyendetsera ntchito zinkachokeranso kunja. Akristu a m'matchalitchi akutali ankatha nthaŵi yaitali osaona wansembe. Funso lidaŵavuta Episkopi watsopanoyo: kodi amishonale akadzapita, chikhulupiriro chidzatsala m'manja mwa yani?

Sadayankhe funsoli ali okha m'nyumba. Adaitanitsa Sinodi yaing'ono ya dayosizi, imene idayenda kuyambira 1973 mpaka 1975, ndipo akristu eni ake, amuna ndi akazi, adapatsidwa danga loti alankhule. Mudatuluka mfundo zitatu: Eklezia azidzitumikira yekha, azifalitsa yekha Mthenga Wabwino, ndiponso azidzidalira pa chuma. Chida chokwaniritsira zonsezi chidali mphakati, ndiye kuti mabanja oyandikana amene amakumana kaŵirikaŵiri kuti aŵerenge Mau a Mulungu, apemphere, azonde odwala, aike maliro, aphunzitse ophunzira chikristu ndi kuyanjanitsa okangana. Maepiskopi a maiko a kum'maŵa kwa Africa, pa misonkhano yao ya AMECEA mu 1973 ndi mu 1976, adaika njira yomweyi patsogolo pa ntchito zao.

Koma ntchito ya Mulungu siisoŵa mtanda. Masiku amenewo dziko lathu linali pansi pa chipani chimodzi, motsogozedwa ndi Dr. Kamuzu Banda. Akuluakulu andale ataona anthu wamba akusonkhana m'midzi, akusankha okha atsogoleri ao ndi kukambirana mavuto ao, adaganiza kuti Episkopi akumanga chipani china mobisa. Mu 1976 Ambuye Kalilombe adakakamizika kutuluka m'dziko, ndipo mu 1979 adatula pansi udindo wao; Ambuye Matthias Chimole ndiwo adatenga ndodo. Adakapitiriza maphunziro ku Berkeley ku America, pambuyo pake adakagwira ntchito ku Selly Oak mu mzinda wa Birmingham ku Mangalande, kuyanjanitsa akristu akuda ndi azungu. Ulamuliro wa chipani chimodzi utatha mu 1994, adabwerera kwao nakaphunzitsa ku Chancellor College ku Zomba. Adakhala kunja zaka pafupifupi 20.

Taonani tsono chodabwitsa. M'busa adachotsedwa, koma nkhosa sizidabalalike. Miphakati idapitirira, idafalikira m'madayosizi onse a Malaŵi, ndipo lero palibe parishi yopanda miphakati. Uwu ndiwo umboni woti munthuyo sadadzimangire dzina, koma adamanga pa ubatizo wa anthu.

Abale anga, chuma cha masiye chimaonongeka m'manja mwa olandira. Tidzifunse mosabisa: kodi mphakati wathu uli moyo? M'malo ambiri wasanduka ofesi yotolera mtulo ndi yolembetsa maina a ubatizo. Ambiri amaukumbukira pokhapokha maliro akagwa pakhomo. Amai ndiwo asenza mtolo wonse, pamene ife abambo timati tinali kunyanja usiku wonse ndi nyali kusaka usipa. N'zoona kuti ntchitoyo njolemetsa. Koma tsiku limene mwera waomba ndipo mabwato ali pamtunda, timakhala kuti? Asodzi obwera kuchokera kutali amagona m'misasa padooko miyezi yathunthu. Ndani adaŵayendera kuti adziŵe ngati pali mkristu pakati pao? Mwana wasiya sukulu chifukwa cha ndalama za kunyanja. Mphakati udanenapo chiyani? Madzi osefukira akagwetsa nyumba ya mnansi wathu wachisilamu, kodi timayamba tafunsa za chipembedzo chake tisanagwire khasu?

Nafenso ansembe tili ndi mlandu. Nthaŵi zina timaukumbukira mphakati pofuna thandizo lokha, osapita kukakhala pamphasa ndi kumva zimene anthu akudandaula.

Yesu adaitana ophunzira ake oyamba m'mbali mwa nyanja ya Galileya, anthu a makoka monga inu. Sadaŵaitane kuti aziwonerera Iye akugwira ntchito. Choncho sabata lino pitani ku mphakati wanu, mutenge ndi mnzanu mmodzi amene adaleka kubwera. Kumeneko ndiye kulemekeza m'busa amene adataya mpando ndi dziko lake chifukwa chokhulupirira kuti inu ndinu Eklezia.

Mzimu wa Ambuye Patrick Kalilombe, ndi mizimu ya onse amene adabzala chikhulupiriro m'mbali mwa nyanja ino, iuse mu mtendere. Amen.