Mdima sagula: chinenero cha mafilimu oopsa a ndalama zochepa

Wopanga filimu yoopsa akakhala ndi ndalama amagula chilombo. Amalemba ntchito akatswiri a kompyuta, chilombocho n'kumera mano, mamba ndi dovu, woonera n'kumachiwerenga nthiti. Akakhala wopanda ndalama amazimitsa nyale. Apa ndi pomwe panabadwira mtundu wa mafilimu amene ambiri sitinawamvepo n'komwe mayina awo, ojambulidwa ndi anthu owerengeka m'nyumba yobwereka kapena m'thengo, amene mphamvu yawo ili pa kukusowetsa mtendere osati kukuonetsa magazi. Opanga ndi okonda mafilimuwa ali ndi mawu awoawo, ambiri a Chingerezi, koma munthu wa ku Rumphi, ngakhale sanapondemo m'holo ya kanema, maganizo ali kuseri kwa mawuwo amawadziwa kale.

Mantha ali ndi mitundu, ndipo mtundu uliwonse uli ndi mtengo wake. Pali kudzidzimuka, kuja chitseko chikamenyeka mtima n'kungoti myu. Eni ntchitoyi amati jump scare. Pali kunyansidwa ndi magazi, matumbo ndi mabala, komwe amati gore, ndipo kumeneku kumalira utoto wambiri ndi munthu wodziwa kuumba zilonda zabodza. Kenaka pali nthumanzi, ija imakugwira palibe chachitika: tsemwe lili waa m'mikono, khutu lili tcheru, ukudziwa kuti pano pali cholakwika koma chala sichikupeza poloza. Imeneyi amati dread, ndipo ndiye katundu weniweni wa mafilimu a amphawi. Kudzidzimuka kumatha m'kuphethira kwa diso. Nthumanzi umapita nayo kunyumba, n'kukagona nyale ili chiyakire.

Chimene chimabala nthumanzi amachitcha atmosphere. Si chinthu choti ungachigwire m'manja. Ndi kugwirizana kwa malo, kuwala, phokoso ndi kayendedwe ka nthawi. Amene anakwerapo ku Nyika kudzera pa geti ya Thazima m'miyezi ya June ndi July sangavutike kumva. Kumtundako, mamita oposa 2,000 kuchokera pa nyanja yamchere, nkhungu siodira. Pano ukuona zitunda za udzu mpaka polekezera maso, posakhalitsa mnzako amene ali mapazi khumi patsogolo wasanduka chithunzithunzi. Ukalowa m'nkhalango ya paini ya ku Chelinda, yodzalidwa m'zaka za m'ma 1950, masamba ouma amameza mgugu wa mapazi ako, ndipo kulikonse komwe ungatembenukire n'kofanana. Chakufupi kuli kanyanja ka Kaulime, komwe makolo ankati kumakhala njoka ya mizimu. Madzi ake amangoti phee. Njokayo siifunika kutulutsa mutu. Bola nkhaniyo unaimva, kamphepo kakagwedeza madzi miyendo imayamba yokha kubwerera m'mbuyo.

Amene anasandutsa umphawi kukhala luso pa nkhaniyi ndi Val Lewton. Mu 1942 kampani ya RKO ku Hollywood inamupatsa ntchito yopanga mafilimu oopsa, koma momumanga manja: filimu isadye madola oposa 150,000, isapitirire mphindi 75, ndipo dzina lake azisankha ndi mabwana. Dzina loyamba kumuponyera linali Cat People. Ndalama zoti munthu asanduke nyalugwe anthu n'kukhulupirira panalibe, choncho iye ndi wotsogolera filimuyo, Jacques Tourneur, anasankha kubisa. Muli chigawo china chimene mpaka lero amaphunzitsira ophunzira za kanema. Mayi akuyenda yekha usiku m'mbali mwa mpanda wa miyala ku New York, kuchoka pa nyale ina ya mumsewu, kulowa mumdima, kutulukira pa nyale ina. Kumbuyo kukumveka nsapato za mayi mnzake, go go go. Kenaka nsapato zija zii. Acheuka, palibe munthu. Ayamba kufulumira. Mwadzidzidzi chinthu chibangula pambali pake, woonera n'kunyamuka pampando, koma ndi basi chabe imene yaima n'kutsegula chitseko. Kuyambira apo, kudzidzimutsa kwabodza kotereku kumatchedwa Lewton bus. Chimene chinagwira ntchito pamenepa ndi chete uja anatsogola. Otsanzira ambiri anatola basi n'kusiya chete.

Ganizo lina lili pomwepa ndi la off-screen, kutanthauza zonse zochitika kunja kwa malire a chithunzi. Kamera imaona kadera kakang'ono. Kwina konseko amadzaza ndi woonera, ndipo amadzazako zimene iye mwini amaopa. Agogo a ku Henga ndi ku Nkhamanga osimba vidokoni, nthano za Chitumbuka, luso limeneli ndi lawo: chilombo sachifotokoza mpaka zikhadabo, amangotsitsa mawu n'kuyamba kanyimbo kake, mwana aliyense n'kudziumbira chake.

Theka la ntchito yonse limagwiridwa ndi khutu. Chitsanzo chimene ndimachikonda ndi Carnival of Souls ya 1962. Herk Harvey, amene ankadyera kujambula mafilimu ophunzitsa a m'masukulu ndi m'makampani ku Lawrence, Kansas, anaipanga ndi madola pafupifupi 33,000, iye mwini n'kusewera mzukwa wa nkhope yoyera mbee. Ndi nkhani ya mtsikana woyimba limba la m'tchalitchi amene wapulumuka galimoto itagwera mumtsinje, koma kuchokera apo nthawi zina dziko limangomuthera mawu: akulankhula anthu osamumva, akudutsa anthu osamuona. Nyimbo za filimuyi pafupifupi zonse ndi limba basi. Chida chimene timachidziwira m'mapemphero chikayamba kulira mokhota, thupi limauma. Akatswiri amati uncanny, chinthu chozolowereka chimene chapatuka pang'ono pa chikhalidwe chake. Ife dzina lake tili nalo kale: malodza. Mkango kubangula m'tchire n'zoopsa, koma si malodza. Nkhuku yathadzi kulira kokoliliko pakhomo pako, amenewo ndiwo malodza, ndipo safuna bajeti.

Filimuyi sinayende malonda. Inkangoonetsedwa pa TV pakati pa usiku, mpaka inatulutsidwanso mu 1989 anthu atayamba kuifunafuna. Zilema zake sizibisika: pena mgugu wa nsapato sugwirizana ndi mapazi, osewera ena mawu amangowalakatula mouma. Chodabwitsa n'chakuti zilema zomwezo zimawonjezera malodza, pakuti dziko la mtsikanayo liyeneradi kuoneka losalongosoka. Koma tisanamizane, umenewo unali mwayi. Mafilimu ochuluka a zilema zomwezi ndi oipa basi.

Chilema chachikulu cha mtunduwu chimabisala m'mawu oti slow burn, filimu younjika nthumanzi mosafulumira. Dzinali lasanduka pobisalira aulesi. Chikuni chonyeka pang'onopang'ono ndi chikuni chozima zimafanana ukaziona patali, kusiyana kwake umakudziwa ukayandikiza dzanja. Skinamarink ya 2022, imene Kyle Edward Ball anaijambula ndi madola pafupifupi 15,000 m'nyumba yomwe anakuliramo ku Edmonton, Canada, inagawanitsa anthu pa nkhani yomweyi. Ana awiri adzuka usiku, bambo awo kulibe, zitseko ndi mawindo zikusowa chimodzichimodzi. Kwa mphindi 100 kamera ikungoyang'ana kudenga, pakapeti, zidole ndi ngodya za makoma. Ena anati inawabwezera ku mantha a paubwana. Ena anagona. Ine ndimapendekera kwa ogonawo: nzeru yake ndi yabwino, koma theka la ola likanakwana.

Mdima nawo uli ndi mwambo wake. Mdima wabwino umakhala ndi kowala kamodzi kotsogolera diso, kaya kandulo, kaya tochi ya foni. Woipa ndi uja suona kalikonse, n'kumadzifunsa ngati batire latha. Osowa magetsi ojambulira amathawira ku day for night, kujambula masana kenaka n'kudetsa chithunzi kuti chioneke cha usiku. Amagwidwa msanga. Munthu akuti ali kumanda pakati pa usiku, chithunzithunzi chake chili pansi pa mapazi, cha 12 koloko masana.

Kuno kwathu mafilimu oopsa otchipa anatifika makamaka kudzera ku Nigeria. Living in Bondage ya 1992, yojambulidwa pa tepi ya vidiyo m'chinenero cha Igbo, inasimba za mwamuna amene anapereka nsembe mkazi wake kuti alemere, mzukwa wa mkaziyo n'kumamulondola. Inatsegula khomo la Nollywood, ndipo nkhani ya kukhwima ndi zizimba Mmalawi sanafune woti amufotokozere. Koma ambiri obwera pambuyo pake anatenga njira yosiyana ndi ya Lewton, yoonetsa zonse: moto wa pakompyuta wotuluka m'maso, munthu kusanduka mbuzi mu utsi wobiriwira, mfiti zouluka zochita kumata pachithunzi. Ana m'vidiyo sho amafa nalo phwete, ndipo pomwe pagwa phwete nthumanzi siimeranso.

Kuseketsa n'kochepa, pali vuto loposa apo. Chilombo chikati chionetsedwe chimafuna nkhope, ndipo nkhope yosavuta kuipeza ndi ya nkhalamba yopanda mano kapena ya mwana. End of the Wicked ya 1999, ya mlaliki Helen Ukpabio, inaonetsa ana ali pamsonkhano wa mfiti, ndipo omenyera ufulu wa ana akhala akuidzudzula kuti inakolezera kuzunzidwa kwa ana oganiziridwa ufiti ku Akwa Ibom ndi Cross River. Woonera wa ku London akatuluka m'holo, mfiti imatsala momwemo. Wa ku Bolero kapena ku Mhuju akatuluka, amadutsa pakhomo pa gogo amene anthu akumunong'ona kale kuti ndi fwiti. Ku Rumphi nkhanizi si zachilendo. Ndi m'boma lomweli momwe nchimi (sing'anga) Chikanga ankakoka makamu ochokera mpaka ku Tanganyika ndi Northern Rhodesia, chakumapeto kwa zaka za m'ma 1950 ndi kuchiyambi kwa za m'ma 1960, odzafuna kuyeretsedwa pa nkhani za ufiti. Lamulo la 1911 limaletsa kuloza munthu chala kuti ndi mfiti, komabe mu January 2016 ku Neno okalamba anayi anaphedwa mphenzi itapha mtsikana.

N'chifukwa chake mawu oti found footage amalemera mwina kuno. Ndi filimu yonamizira kuti ndi zithunzi zenizeni zochita kutola, zogwederagwedera, zojambulidwa ndi anthu amene anasowa. The Blair Witch Project ya 1999 anaijambula masiku 8 m'nkhalango za ku Maryland, inapeza madola pafupifupi 250 miliyoni, ndipo mfitiyo siioneka ngakhale kamodzi. Muli timilu ta miyala, timitengo tomangidwa mwa maonekedwe a munthu, ndi mawu a usiku kunja kwa tenti. Kwathu mtundu umenewu ulipo kale, koma si sewero. Ndi timavidiyo ta pa WhatsApp ta mayi wokalamba wosokonezeka mutu, khamu litamuzinga, wojambula akukuwa kuti wagwa pa ndege ya ufiti. Kugwedera kwa foni ndi komwe kumachititsa anthu kukhulupirira, chimodzimodzi mmene zinalili ndi Blair Witch.

Palinso folk horror, momwe mlendo amafika m'mudzi wakutali n'kupeza kuti miyambo yakale ya eni mudzi ndiyo msampha. Imene imatchulidwa kawirikawiri ndi The Wicker Man ya 1973. Mnyamata wa kamera wofika ku Rumphi angakopeke msanga: ng'oma za Vimbuza usiku, wodwala akunjenjemera, mangenjeza ali m'miyendo, moto ukuwalira nkhope. Chithunzi chokoma zedi. Koma Vimbuza ndi gule wochiza, amene UNESCO inamulemekeza mu 2005, ndipo kwa amene ali m'bwalomo usiku umenewo ndi wa chithandizo. Kumujambula ngati choopsa n'kubwereka maso a amishoni akale a ku Khondowe, aja ankaletsa akhristu awo guleyu. Wofuna nthumanzi m'bomali sangasowe kwina: phanga la kuseri kwa mathithi a Manchewe momwe anthu ankabisala pothawa adani, akutchera khutu mapazi pakati pa mkokomo wa madzi, mdima wa pansi pa mgodi wa malasha ku Mchenga, makona 20 a msewu wa Gorodi usiku, mabuleki akununkha. M'nkhani zoterezi simufunika mfiti.

Kwatsala oonera. Vidiyo sho ya pamalo a malonda ndi chipinda cha malata, mabenchi a matabwa, nsalu yakuda pakhomo, TV pa shelefu, ndi sipika yaikulu yoikidwa panja kuti iziitana makasitomala. Sipikayo imafuna zibakera ndi mfuti; ikangoti zii odutsa amayesa magetsi athima. Komanso mafilimu ambiri amafika atamasuliridwa kale m'Chichewa ndi ma DJ, amene luso lawo ndi kusasiya mpata. Pomwe Tourneur analetsa nsapato kulira, DJ aponyapo nthabwala, apo ayi achenjeza mayiyo kuti athawe chilombo chili kuseri kwa mpanda. Filimu ya nthumanzi imakomera pa foni, munthu ali yekha, mahedifoni ali m'makutu.

Ndipo mathero ake ndi mkangano wina. Mafilimuwa amakonda open ending, kutha osamasula mfundo. Blair Witch imathera m'chipinda chapansi cha nyumba yabwinja, mnyamata ataima chili kuyang'ana kukhoma, kamera n'kugwa pansi. Kwa wokonda mtunduwu pamenepo ndiye pachimake. Kwa amene anazolowera za ku Nigeria, komwe abusa amafika ndi Baibulo, mfiti n'kuulula, woipa n'kupenga, kumeneko ndi kuberedwa dzuwa likuswa mtengo. Amatembenukira kwa mwini sho kufunsa kuti pati thuu ayika nthawi yanji, ndipo mawa lake pa bolodi la pakhomo pamabwereranso ya karate.