Nyali ya Atsibweni

Olemba mbiri ya Nkhotakota amakonda kuyambira pa Jumbe Salim bin Abdallah ndi zombo zake za akapolo, kenaka nkutiimika pansi pa mtengo pamene Livingstone anakambirana ndi Jumbe m'zaka za m'ma 1860. Sindikuwatsutsa. Koma ine ndiyambira kuseri kwa nyumba ya atsibweni anga ku Benga, kwa Mwadzama, kumene mu 2019 ndinapeza nyali ya Tilley itachita dzimbiri, mavu atamangamo nyumba.

Atsibweni anabwera nayo kuchokera ku migodi ya ku Joni mu 1973. Anabwerera pa nthawi yake, pakuti mu April 1974 ndege ya Wenela inagwa ku Francistown nkupha Amalawi oposa 70, ndipo boma linaimitsa maulendowo. Anzao ankatenga wailesi ndi majekete. Iwo anasankha nyali, popeza mtima wao unali pa usipa.

Usipa umatsata kuwala. Makolo ankauitana ndi miuni ya udzu ndi bango, ndipo kupha nsomba kotereku timakutchabe kauni. Muuni sunkachedwa kutha, komatu munthu ankadzidulira yekha kudambo. Itafika Tilley, siginala ankakhala m'bwato usiku wonse nyali zikulira, usipa nkusonkhana, anzake nkuuzinga ndi chilimira. Nsomba zinachuluka pa thandala. Chimene sitinenanena nchakuti kuyambira pamenepo kuwala kunasanduka kogula: parafini, sipiriti, galasi, ndi kansalu koyaka kaja kamene m'sitolo amati mantle. Kansaluko anakatulukira Carl Auer von Welsbach ku Vienna mu 1885. Max Graetz wa ku Berlin anapanga Petromax mu 1910. Fakitale ya Tilley inali ku Hendon, mu London, isanasamukire ku Belfast m'zaka za m'ma 1960. Ndiwo wa pa Benga anayamba kudalira mizinda imene msodzi sanaimvepo nkomwe.

Nanga nyalizi zinakhala bwanji ndi moyo zaka zonsezi, sitolo ya zipangizo ili kutali? Yankho ndinalipeza ndi zala zanga, atsibweni atakhala pa mpando wa ndalema, maso atachita khungu koma makutu ali tcheru.

Kagwiridwe kake nkosavuta. Pampu imapanikiza mpweya m'thanki, mpweyawo umakankha parafini kukwera m'kampope kotentha, parafini amasanduka nthunzi, nthunziyo imatuluka pa kabowo kochepa kuposa nsonga ya singano, nkusakanikirana ndi mpweya, nkuyaka m'kansalu. Pakatayika mpweya pena paliponse, mdima.

Pampu sinkagwira, chikopa chake chitauma gwa. "Dula lilime la nsapato, mphwanga," anatero atsibweni. Ndinalidula mozungulira, nkuliviika m'madzi, nkulikanikizira m'chivindikiro cha botolo ndi kamtengo kufikira litauma ngati kambale, kenaka nkulinyika mu oilo. Linagwira ulendo woyamba. Pa mawashala ndipo ndinachita manyazi. Ndinawadula ku chubu cha njinga osafunsa, ndipo patapita masiku awiri anafufuma nkuyamba kudontha. "Mphira wa njinga sugwirizana ndi parafini, kodi ku koleji sanakuuzeni?" Sanatiuze. Ndinadulanso ena ku kapaipi kakale ka petulo ka njinga yamoto. Thanki ndinaitsuka poikamo timanati nkuikhutchumula mpaka mkono unalema, ndipo kang'alu ka m'mbali anandimatira ndi mtovu mkulu wina wokonza ndowa pa msika.

Mkulu ameneyo wakonza nyali za madoko onse a kuno kwa zaka zambiri. Dzina lake simudzalipeza m'mabuku a ku laibulale kapena m'mafaelo a ku National Archives ku Zomba, ngakhale kuti popanda anthu onga iye chilimira chikadagona pa mchenga. Anzanga a ku History, kodi tepi rekoda timaisungira mafumu okha?

Kampope kotentha kaja ndiko kanandigonjetsa. Kanali katatsekeka ndi mwaye wouma. Ndinakaotcha pa mbaula mpaka psuu, nkukagogoda, mwaye wina nkugwa, koma kabowo kanali katakula kale ndipo moto unkatuluka wachikasu, wautsi. A Tilley anakapanga komata, koti ukataye nkugula kena. Ka nyali yathu ndinachita kusinthanitsa ndi nkhuku kwa msodzi wina amene anali ndi nyali yakufa. Mantle ndinakagula ku Salima.

Nyaliyi inalekeka mu 2011, parafini atasowa m'dziko muno pamodzi ndi petulo ndi dizilo. Zaka zotsatira asodzi anatembenukira ku mababu a LED ndi mabatire, ndipo ukaima pa gombe usiku kuwala kwa pa nyanja nkoyera mbee, kopanda phokoso. Nakonso nkogula, ndipo babu ikapsa palibe lilime la nsapato limene lingaidzutse.

Tinaiyatsa pa khonde madzulo a Loweruka. Sipiriti anali wochepa, atsibweni nkundiuza kuti masiku ao kachasu wa mutu ankathandiza, ngakhale ena ankamaliza botolo nyali isanatenthe. Nditapopa, kansalu kanachita buu, kenaka mbee, nyali nkuyamba kulira. Ana a oyandikana nafe anathamangira kudzaona. Atsibweni anapendeketsa mutu, kumvetsera.

"Ikuchepa mpweya, mphwanga. Onjezera kasanu."