Ana 796 a ku Tuam: mlandu umene unakana kuola

Mu 1975 anyamata awiri akusewera m'tauni ya Tuam, ku Galway m'dziko la Ireland, anatundula chimwala cha simenti napeza dzenje lodzaza timafupa. Akuluakulu anati amenewo ndi anthu amene anafa ndi njala ya m'ma 1840. Wansembe anabwera, anapemphera, dzenje linatsekedwa. Anthu oyandikana nawo ankatchetcha udzu pamalopo, naikapo chifanizo cha Amayi Maria. Nkhani inagona zaka pafupifupi 40.

Pamalopo panali chinyumba chimene masisitere a Bon Secours ankasungiramo atsikana otenga mimba zapathengo, kuyambira mu 1925 mpaka 1961. Nyumbayo inali ya khonsolo ya Galway, ndipo boma linkalipira masisitere pa mayi aliyense ndi mwana aliyense. Masiku amenewo mtsikana akachimwitsidwa, manyazi ankagwira banja lonse. Makolo ankathamangira kwa bambo mfumu kapena kwa dokotala, mtsikana n'kuzimiririka pamudzi. Akachira ankakhalamo pafupifupi chaka, akuyamwitsa, kuchapa ndi kukolopa popanda malipiro, kenaka ankatuluka yekha, khanda n'kutsala. Nanga mwini mimba? Iye ankapitiriza kulima munda wake ndi kupita ku Misa Lamulungu lililonse.

Amene anautsa mlanduwu si loya kapena mtolankhani. Ndi mayi wa komweko, Catherine Corless, wokonda kufufuza mbiri ya kwawo. Ali mwana anaphunzira limodzi ndi ana a m'nyumbayo, amene ankakhazikidwa paokha m'kalasi. Iye amakamba poyera chinthu chimene chimamusautsabe: tsiku lina, potengera mnzake, anakulunga bwinobwino pepala la switi lopanda kanthu napatsa kamtsikana ka m'nyumbayo. Kamwanako kanamasula mwachimwemwe, kanapeza mulibe kanthu. Atakula, Corless anayamba kugula zikalata za imfa za ana a m'nyumbayo, chilichonse mayuro 4 a m'thumba mwake. Zinakwana 796. Zimene zinawapha: chikuku, chifuwa chachikulu, chifuwa chokoka mtima, kunyentchera. Atafunafuna mayina amenewo m'mabuku a manda a m'deralo, sanawapeze. Ataika mapu akale pamwamba pa atsopano, anaona kuti dzenje la anyamata aja linali pamene kale panali thanki ya zonyansa.

Nkhani itabuka m'manyuzipepala mu 2014, ena anati mayiyu akungofuna kuipitsa Mpingo wa Katolika. Boma linakhazikitsa bungwe lofufuza mu 2015, lotsogoleredwa ndi woweruza Yvonne Murphy, ndipo mu Malichi 2017 bungwelo linatsimikiza: pansi pali zipinda 20, ndipo m'zosachepera 17 mwa izo muli mafupa a ana, kuyambira obadwa masiku asanakwane mpaka a zaka 3.

Tuam sinali yokha. Lipoti lomaliza, la pa 12 Januwale 2021, linaunika nyumba 18 m'zaka za 1922 mpaka 1998. Munadutsa amayi pafupifupi 56,000 ndi ana 57,000, ndipo ana pafupifupi 9,000 anaferamo. Ku Bessborough, mumzinda wa Cork, munafa ana oposa 900, ndipo manda a ambiri mwa iwo sadziwika mpaka lero. Opulumuka ena anaperekedwa kwa alimi kukagwira ntchito akadali aang'ono. Ena anatumizidwa ku America, ngati mwana wa Philomena Lee, amene nkhani yake inatuluka m'filimu mu 2013.

Koma lipotilo linapsetsa mtima opulumuka ambiri. Linati mlandu waukulu ndi wa abambo a anawo ndi mabanja a atsikanawo, ndipo boma ndi mipingo zinangothandizira. Muli choonadi mmenemo, tisakane. Sisitere sankapita kukagwira mtsikana kumudzi; ankamubweretsa ndi abale ake enieni, ndipo nyumba zina, monga Bethany Home ku Dublin, zinali za Chipulotesitanti. Komabe funso limatsala: manyazi amene ankathamangitsa makolowo anawaphunzira kuti? Mu Ireland wa nthawi imeneyo sukulu zambiri ndi zipatala zambiri zinali m'manja mwa Mpingo, ndipo mawu a paguwa ankamveka mpaka ku nyumba ya malamulo. Amene anaphunzitsa kuti mimba yapathengo ndi chitonzo ndi omwewo amene anasunga makiyi ndi mabuku a nyumbazo. Ndipo si bambo wa mwana kapena agogo ake amene anatsitsira mtembo m'zipinda zija. Mlandu ukagawidwa kwa mtundu wonse umapepuka mpaka wosowa woulipira.

Zopepesa zinabwera. Papa Francis anapempha chikhululuko pa Misa ya ku Phoenix Park mu Ogasiti 2018. Nduna yaikulu Micheál Martin inapepesa m'dzina la boma tsiku lotsatira lipotilo, Arkiepiskopi Eamon Martin anapepesanso, ndipo masisitere a Bon Secours anavomera kuti ana aja anaikidwa mopanda ulemu. Mkatolika aliyense amene anakhalapo pa benchi ya katekisimu amadziwa kuti kulapa sikuthera pa kuulula. Pamatsala kubweza chimene unalanda. Apa ndi pamene miyendo yalemera. Boma linatsegula thumba la chipukutamisozi mu 2024, koma linasiya kunja onse amene anakhala m'nyumbazo ali ana kwa miyezi yosakwana 6, ngati kuti khanda lolandidwa kwa mayi ake lili ndi miyezi 5 silinataye kanthu. Pa mabungwe 8 a chipembedzo amene anapemphedwa kusonkha, Bon Secours inalonjeza mayuro pafupifupi 13 miliyoni, koma 5 sanalonjeze kalikonse.

Mu Julayi 2025 akatswiri anayamba kukumba ku Tuam, ntchito yoyembekezeka kutenga zaka ziwiri. Mafupa m'zipindamo anasakanikirana, ndiye ayenera kuwasankhula kamodzikamodzi, kuti kafupa aka n'ka mwana uyu, aka n'ka uyo. Abale, ambiri a iwo okalamba tsopano, akupereka DNA yawo kuti mwina mlongo kapena mchimwene amene sanamuonepo apezeke, akamuike m'manda olembedwa dzina lake.